Zibangili za Malemu

Anthu onse a mumsewu umenewo ankawatchula kuti a Makutu. Dzinali linayamba kalekale, akugwira ntchito pa wailesi, tsiku limene anaimitsa gulu lonse la oyimba pakati pa nyimbo n'kunena kuti wina ali ndi makiyi m'thumba. Anthu anaseka, koma atafufuzana anapeza kuti woyimba besi, amene anaima kumbuyo kwenikweni, analidi ndi makiyi awiri m'thumba la jekete. Kuyambira pamenepo dzina lawo lenileni linangotsala la pa ziphaso.

Atapuma pa wailesi anatsegula situdiyo yawoyawo kuseri kwa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Munthu ankalowa kudzera m'kanjira kopapatiza, kudutsa zitini zopanda kanthu, mpaka pa chitseko chokhuthala chimene anachimata masiponji mkati. Zipinda zinali ziwiri, pakati pali galasi. China chinali cha woyimba, chokhala ndi maikolofoni ndi kapeti yoperepeseka pakati. China chinali chawo, muli kompyuta, masipika awiri ndi mpando umene unkapendekera kumanzere. Fani inalipo, koma ankaizimitsa nthawi yojambula, choncho aliyense ankatuluka mmenemo thukuta lili kamukamu.

A Makutu ankakonda kufotokoza zinthu. Woyimba akangolakwitsa n'kufunsa kuti manambala ali pakona ya sikiriniwo ndi a chiyani, ankatembenuza mpando wonse.

"Mawu ndi mpweya umene ukunjenjemera," ankayamba choncho. "Ng'oma yaikulu imaunjenjemeretsa pang'onopang'ono. Kamluzu kamaunjenjemeretsa mofulumira. Khutu la mwana limagwira mpaka ka 20,000 pa sekondi imodzi. Kupitirira apo ndi za agalu ndi mileme. Tsono makinawa sameza mawu onse ayi, amangotapa. Amatapa pang'ono, n'kutapanso, n'kutapanso. Kuti agwire kunjenjemera kumodzi ayenera kutapa kawiri, pokwera ndi potsika. Ndiye 20,000 kawiri ndi 40,000, tikaika kapamwamba ndi 44,100 mukuionayo. Zonse zimene munthu angamve zimakwana mmenemo."

Oyimba ankagwedeza mutu, ena maganizo ali pa basi yobwerera kwawo.

Akazi awo anaimva nkhani imeneyi kambirimbiri moti ankatha kuimaliza okha. Anali mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono, mayi wamfupi, wolankhula ndi manja. Pamkono wakumanja ankavala zibangili zitatu zopyapyala zasiliva zimene anali nazo asanakwatiwe, ndipo sankazivula ngakhale posamba. Zaka zoyamba za ukwati a Makutu ankadziwa pamene akazi awo ali m'nyumba osadzuka pampando. Zibangilizo zikamalira mofulumira, akupukuta tebulo. Zikamalira chapatali, akuyanika zovala. Zikalira kamodzi n'kukhala chete, ndiye kuti dzanja lafika m'chiuno ndipo wina walakwa.

Mayiwa anamwalira atadwala masabata ochepa chabe. Panatsala a Makutu ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anakwatiwa mumzinda wina ndipo ankagwira ntchito mu famase, mogulitsa mankhwala.

Munthu amene anajambula mawu a anthu osawerengeka analibe mawu a mkazi wake, kupatula a tsiku limodzi. Chaka cha matendawo chisanafike anagula makina atsopano ojambulira, otha kutapa ka 96,000 pa sekondi. Iwo ankati n'kuwononga malo mu kompyuta, koma oyimba a masiku ano ankafunsa zimenezo asanakhale n'komwe pansi. Loweruka lina masana akazi awo anabwera ndi chakudya m'kontena, anawapeza ali m'kati molumikiza mawaya.

"Mwafika bwino. Talowani umo mulankhule," anatero a Makutu.

"Ndilankhule chiyani?"

"Chilichonse. Ndikungoyesa makina."

"Amenewa ndi aja otapa ka 96,000? Si inu mumati khutu limathera pa 20,000? Kapena makasitomala anu tsopano ndi mileme?"

Analankhula za mpopi wa kubafa umene unkadontha, za mwana wa m'kalasi mwawo amene anadya choko n'kunena kuti ankayesa switi, kenako anayimba kanyimbo kowerengera manambala kamene anapeka okha. Ndime yachiwiri anaiiwala, anakhala chete kwa kanthawi, n'kuseka. "Zimitsani, chakudya chikuzizira." A Makutu anasunga fayiloyo ndi dzina loti "kuyesa". Maliro atatha anaitsegula kamodzi, koma anaitseka isanafike pa nyimbo.

Panapita zaka ziwiri. M'nyumba munali zii, ndipo iwo ankati ndi mmene nyumba ya munthu wotsala yekha imakhalira. Ngakhale nyenje za mumtengo wa pafupi ndi depoti zinasiya kulira. Ankauza mwini sitolo ya penti kuti ndi mankhwala amene anthu akupopera masiku ano, atha tizilombo tonse. Mwini sitoloyo ankangowayang'ana, osatsutsa.

Kenako kunabwera mayi wina woyimba nyimbo zauzimu, amene anajambulitsa kwa iwo kuyambira ali mtsikana. Anakhala pansi, anafunsa za moyo, anazungulira kaye asanafike pa nkhani.

"A Makutu, musandimve molakwa. Nyimbo zija zikubaya. Ndikaziika m'galimoto, paliponse pamene ndatchula 's' pakukhala ngati singano. Ana anga akumandiuza kuti ndichepetse."

A Makutu anaiseweretsa nyimboyo. Kwa iwo inkamveka bwino, mwinanso yofunika kuiwalitsa pang'ono.

"Ndi masipika a m'galimoto mwanu amenewo, mayi."

"Kapena. Koma ku tchalitchi nakonso anatero."

Anali munthu wachitatu kudandaula zomwezo chaka chimenecho. A Makutu anatsitsa mawu a pamwambawo monyinyirika, pongoyang'ana manambala, mayiyo mpaka anati basi pamenepo. Atachoka, iwo anamvetseranso n'kuona ngati nyimboyo aifunditsa bulangete.

Mwana wawo anafika Lachisanu la sabata yomweyo, ali ndi pakati pooneka. Anatsika basi miyendo itatupa, anadandaula kuti bambo ake aonda, anatsegula firiji n'kuitsekanso. Atamwa tiyi anazunguza kapu m'manja kwa kanthawi.

"Bambo, paja munanena kuti mawu a amayi muli nawo."

"Alipo."

"Ndikuwafuna. Wobwerayu adzawamveko agogo ake."

M'mawa mwake anapita limodzi ku situdiyo. Mwanayo anakhala pa mpando wopendekera uja, a Makutu anakokera kasitulu pambali. Anafufuza fayilo ija, anaiyang'ana pang'ono, n'kudina.

"Ndilankhule chiyani?"

Mawuwo anatuluka m'masipika ngati mwini wake waima kuseri kwa galasi. A Makutu anayang'ana pansi. Anamva kupuma kwa akazi awo, kamphuno kamene ankalankhulira akamanyoza, ngakhale chivundikiro cha kontena chikugunda tebulo. Mwana wawo anagwira pakamwa, misozi ikutsika, koma pa nkhani ya mileme anaseka.

"Zibangili zija," anatero. "Mukuzimva, bambo? Apa akukulozani chala."

A Makutu anatchera khutu. Panali mawu, panali kupuma, panali phokoso la mpando.

"Tsiku limenelo sanavale."

"Anavala. Ndi izi. Izinso. Zikumveka bwinobwino."

Anakweza voliyumu mpaka mwanayo anachita tsinya. Anavala mahedifoni, anatseka maso, anabwereza malo omwewo. Kunalibe kanthu. Atavula mahedifoni anatsegula chithunzi chimene chimaonetsa mawu ngati mitundu, okhuthala m'munsi, oonda m'mwamba. M'munsimo munali mawu a akazi awo, achikasu, odzaza. Pamwamba, pamene iwo ankayembekeza mdima, panali timizere towala toimirira, ngati mvula ikamayamba pa zenera. Tinkayambira cha pa 11,000 n'kukwera mpaka kupitirira 30,000. Timizere totere ankatidziwa. Moyo wawo wonse anakhala akutichotsa m'nyimbo za anthu oiwala kuvula ndolo ndi mawotchi.

Anatsegula kachipangizo koliza mluzu umodzi wokha, umene umayamba pansi n'kumakwera.

"Ukasiya kuumva, undiuze," anauza mwana wawo.

Mluzuwo unayamba ngati kulira kwa firiji, unakwera ngati ketulo, unaonda, unaonda, kenako unazima.

"Watha," anatero a Makutu.

"Ukulirabe, bambo. Chepetsani, ukundipweteka."

Anayang'ana nambala. Inali isanakwane 9,000. Mwanayo anapitiriza kuumva mpaka cha pa 16,000, kenako anati nayenso wamuthawa. A Makutu anazimitsa, anaika manja pa mawondo.

"Ine ndinkaziona pamkono," anatero patapita nthawi. "Ndinkati amayi ako anenepa, zathina, n'chifukwa chake sizikuliranso."

Mwanayo anaseka pang'ono, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Amayi ankadziwa."

"Ankadziwa chiyani?"

"Mukukumbukira tsiku limene munaswa kapu ya maluwa ija? Munatembenuka n'kuwapeza ali kumbuyo kwanu, munati akuyenda ngati mphaka. Madzulo ake anandiimbira foni. Anati bambo ako sakumvanso zibangili."

"Bwanji sanandiuze?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Ndinati auzeni apite kuchipatala. Anati, iwe, munthu dzina lake ndi Makutu, ndiyambira pati? Ndiye anangoyamba kukhwekhwereza masilipasi akamabwera kumene muli. Mwinanso kuyimba chapansipansi asanalowe pakhomo. Kuti musamadzidzimuke."

A Makutu anakumbukira masilipasi aja. Ankawaseka nawo akazi awo kuti ukalamba wawayambira kumapazi, iwo n'kumayankha kuti inde, wafika. Anadzuka, anayatsa fani, anaima kutsogolo kwake atafulatira mwana wawo. Mwanayo anawasiya.

Lolemba anayenera kubwerera, koma anaimbira foni ku ntchito n'kupempha masiku ena. Anawaperekeza bambo ake kwa dokotala wa makutu. Kumeneko anawalowetsa m'kachipinda kakang'ono kuposa ka ku situdiyo kwawo, anawaveka mahedifoni, anawapatsa kabatani kuti azidina akamva kulira. A Makutu, amene zaka zonse ankakhala mbali ya makina, anakhala mbali inayo, akuyang'ana mayi wovala gawuni yoyera kudzera pa galasi. Panali nthawi zina zimene ankaona dzanja la dokotalayo likusuntha, iwo osamva kanthu, chala chili pa batani kudikira.

Dokotalayo anawaonetsa pepala. Mzere unkayenda bwino kumanzere, kenako n'kutsetsereka kumanja.

"Zina ndi zaka," anatero. "Zina ndi mahedifoni a zaka zonsezi. Timakina tothandiza kumva tilipo. Tikuthandizani pa zolankhula za anthu, makamaka pagulu."

"Timafika pati?"

"Tambiri timathera cha pa 8,000. Tina timapitirirako pang'ono."

"Ine ndikufuna za pa 11,000 kupita m'mwamba."

Dokotalayo anavula magalasi. "Kumeneko ayi, bambo. M'kati mwa khutu muli timaubweya timene timagwira mawu oondawo. Tikafa sitimeranso. Ndikanakonda kukuuzani zina."

"Mwandiuza bwino," anatero a Makutu. "Inenso woyimba akaphonya ndimamuuza."

Potuluka mwanayo anafuna kuti apite kunyumba akapume, koma iwo anakhotera njira ya ku situdiyo. Ankayenda mofulumira, moti mwanayo anachita kuwakumbutsa kuti iye sakuyenda yekha. Atafika sanavule n'komwe jekete.

"Tamvera," anatero akuyatsa kompyuta. "Makina aja anatapa ka 96,000 pa sekondi. Ndikawauza kuti zimene anatapazo azibweze pa theka la liwiro, chilichonse chitsika ndi theka. Za pa 12,000 zibwera pa 6,000. Pamenepo ndimafika."

"Zimatheka?"

"Tinkachita ndi matepi iwe usanabadwe."

Anasintha nambala, anadina. Ndipo anazimva. Kulira kowala, kotalika, chitsulo chikukhudza chinzake n'kumanjenjemera mpaka kuzilala. Kamodzi, kenako katatu motsatizana. Anasendera kufupi ndi sipika, kukamwa kuli yasa.

Koma pansi pa kulirako panali mawu a mwamuna. Mawu okhuthala, okoka, ngati a chidakwa chimene chikuvutika kutchula dzina lake. Ankafunsa mwaulesi kuti alankhule chiyani.

"Zimitsani, bambo," anatero mwanayo. "Amenewo si amayi."

A Makutu anachedwa pang'ono. Zibangili zinaliranso.

"Bambo, chonde."

Anazimitsa.

Sanagonje msanga. Anadula mbali ya pamwamba yokhayo, anaitsitsa payokha popanda kuchedwetsa nthawi, n'kuisanjika pa mawu enieni a akazi awo. Ntchitoyo inatenga masana onse. Mwanayo anatuluka kukagula madzi ozizira ndi nthochi, anacheza ndi mwini sitolo ya penti, anabwerera n'kuwapeza akadali chiweramire. Dzuwa litapendeka anamuitana.

"Tamvera tsopano."

Mawu anali a amayi ake, ndipo pamwamba pake pankalira zitsulo. A Makutu ankamuyang'ana kumaso ngati mmene oyimba ankawayang'anira iwo.

"Zili pamalo pake?"

"Pamalo pake zili."

"Koma?"

Mwanayo anazengereza. "Zikumveka ngati masipuni m'beseni. Za amayi sizinkalira choncho. Zinali zopepuka. Inu mukuzidziwa."

Ankazidziwadi. Anayesa kuzikumbukira mmene zinkamvekera kuchokera kukhitchini, koma zimene zinabwera m'mutu zinali masipuni omwewo. Anafufuta ntchito yonse ya masanawo n'kutsamira khoma.

"Zonse zilimo mmenemu," anatero akuloza kompyuta. "Makina sanataye kanthu. Ngakhale zimene iwe sungamve zilimo. Ine ndinkawanyoza makina amenewa."

Kunja munthu wina ankakhoma chivundikiro cha chitini. Mwanayo anakoka mpando wake mpaka mawondo awo anagundana. Anatenga dzanja la bambo ake n'kuliika pa tebulo, chikhatho pansi.

"Yambitsaninso. Yeniyeni ija, musasinthe kanthu."

"Ukufuna kutani?"

"Ingoyambitsani."

Anadina.

"Ndilankhule chiyani?" anafunsa malemu, ndipo chala cha mwanayo chinagogoda kamodzi kuseri kwa dzanja la a Makutu.

Anamuyang'ana. Iye maso anali otseka, mutu utapendekera ku sipika.

Pa nkhani ya mileme chalacho chinagogoda katatu, mofulumira, ndipo a Makutu anachiona chala china chija chikuwaloza kudzera pa galasi. Pa nkhani ya mpopi chinagogoda motalikirana, kamodzi, kamodzi, kamodzi: malemu ankaonetsa ndi dzanja mmene madzi akudonthera. Pa mwana wodya choko chinasokonekera, chinangothamanga paliponse, chifukwa pamenepo ankaseka ndi thupi lonse. Nyimbo itayamba, chinakhazikika, chikugunda mofanana. Malemu ankadziomba pa bondo. A Makutu anali asanadziwe kuti nyimboyo inali ndi ng'oma yake.

Kenako panafika pamene ndime yachiwiri inaiwalika. Masipika anakhala chete. Koma chala cha mwanayo sichinaime. Chinkakhudza mopepuka, pang'onopang'ono, osalekeza, mpaka pamene malemu anaseka n'kunena za chakudya.

A Makutu anaimitsa.

"Pamene anakhala chete paja, amatani?"

"Sindikudziwa. Zikulira pang'onopang'ono. Ngati dzanja lili m'mwamba, pafupi ndi maikolofoni."

Anayesa kukumbukira. Anakumbukira kutentha kwa tsikulo, fungo la pulasitiki ya makina atsopano, timagetsi tobiriwira tikukwera ndi kutsika. Nthawi imeneyo maso awo anali pa timagetsito, kuona ngati chipinda chili chete mokwanira. Galasi linali patsogolo pawo pomwepo.

"Mwina amakonza tsitsi," anatero mwanayo.

"Mwina."

"Kapena amakukodolani kuti muwathandize ndime."

"Ndimeyo sindinkaidziwa."

"Ndiye kapena amangokuyang'anani, akuseweretsa dzanja. Ankatero akamadikira munthu."

A Makutu anabweza pang'ono n'kuyang'ana chithunzi chija. Timizere tinalipo, tating'ono, totalikirana mofanana. Sitinanene china chilichonse.

"Tabwereza pomwepo," anatero, ngakhale wodina anali iwo omwe. Anaikanso dzanja pa tebulo.

Anabwereza malo amenewo, kenako fayilo yonse kuyambira poyamba, kenako yonse kachiwiri. Ulendo womaliza a Makutu anatseka maso nawonso. Pofika pa nyimbo chala chawo chinayamba kugunda tebulo chisanakhudzidwe, ndipo mwanayo anati akuthamanga pang'ono, adikire. Anasiya pamene iye ananena kuti msana wamupweteka ndipo wam'kati uja wayamba kumenya.

"Nayenso akuyankha," anatero a Makutu.

"Akufuna chakudya ameneyu, si nyimbo."

Anatseka situdiyo n'kupita kunyumba wapansi, pang'onopang'ono. M'njira mwanayo anawauza kuti timakina ta dokotala tija akatenge, asachite manyazi. Iwo anati aganiza. Iye anati akamati aganiza amadziwa tanthauzo lake, ndipo adzaimba foni Lachisanu kuti amve kuti aganiza zotani.

Tsiku lonyamuka anamuperekeza ku depoti atanyamula chikwama chake. Basi inali isanadzaze. Anaima pamthunzi wa khoma, ogulitsa akudutsa ndi mabasiketi awo. A Makutu anatulutsa kafulashi m'thumba la malaya n'kukaika m'dzanja la mwana wawo.

"Ndaikamo fayilo ya amayi ako yonse mmene ilili. Ndi yaikulu. Foni ikakuuza kuti uichepetse kuti itumizike, usalole. Ikachepetsedwa, zoyamba kutayika ndi za pamwambazo."

"Ndamva."

"Wobwerayo makutu ake adzakhala atsopano. Adzamva zambiri kuposa iwe. Umumvetsere akadali wamng'ono, usadikire kuti akule."

Mwanayo anaika kafulashiko m'kathumba ka m'kati mwa chikwama n'kutseka zipi. Kondakitala anayamba kuitana anthu.

"Zibangilizo zili kuti?" anafunsa a Makutu. Funsoli anali nalo kuyambira Loweruka.

"Anamwino anandipatsa mu envelopu tsiku lomwe lija. Zili m'kabati kwathu."

"Umavala?"

"Ayi. Ndinayesa kamodzi. Ndinangoti ndikweze dzanja, zinalira, ndinatembenuka kuyang'ana pakhomo ngati amayi akulowa. Ndinazibwezera."

A Makutu anagwedeza mutu. Anamuthandiza kukwera masitepe a basi, anapereka chikwama kwa kondakitala, anazungulira mpaka pa zenera limene anakhala. Mwanayo analitsegula movutikira.

"Ukamadzabwera ndi mwana, udzavale," anatero.

"Simudzazimva, bambo."

"Ndikudziwa. Udzavale basi."

Injini inalira, ndipo zimene mwanayo anayankha sanazimve. Anangoona milomo ikuyenda. Anakweza dzanja, basi inabwerera m'mbuyo pang'ono, inakhota, n'kulowa mumsewu.